Matumba angati pa pikapu imodzi?

Mwezi wa Epulo ukafika, chimanga chikayamba kulowa m'matumba ndipo msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, msewu wa Lilongwe–Mchinji umasintha maonekedwe. Pa Namitete, pa Msundwe ndi pa Mpingu pamadutsa mapikapu okhalira kumbuyo, mphuno ili m'mwamba, matayala akumbuyo atatsala pang'ono kukhudza bodi. Ndi momwemonso m'misewu yochokera ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma kulowera m'tauni: soya, mtedza, mabelo a fodya, njinga yomangidwa pambali, ndipo pamwamba pa zonsezo mwini katundu atagwiritsa chingwe. Ambiri mwa magalimotowa amakafika ndithu, ndipo kufikako n'komwe kumalimbitsa anthu mtima. Popakira pamamveka mawu akuti, "Ponyanipo ena awiri achimwene, imanyamula iyi," ndipo palibe wotsutsa, chifukwa dzulo inanyamuladi.

Injini ya pikapu ndi yamphamvu moti ikhoza kukoka katundu wowirikiza kawiri mlingo wake. Chimene sichiwirikiza ndi mabuleki, matayala ndi ekiselo. Mlingo womwe wopanga galimoto adaika umanena za katundu amene galimotoyo ingaime naye mwana akadumphira pamsewu, ndiponso amene ingakhote naye pakhona osagubuduka. Kungoti yanyamuka, yayamba kuyenda, sikutiuza kanthu.

Mlingowo siubisika. Pafelemu ya chitseko cha dalaivala, kapena mkati mwa boneti, pamakhala kachitsulo kapena kapepala komata ka wopanga galimoto. Ziwerengero zake zimapezekanso m'mapepala a galimoto ochokera ku Directorate of Road Traffic and Safety Services. Zofunika ndi ziwiri. Choyamba ndi Tare, kulemera kwa galimoto ili yopanda kanthu. Chachiwiri ndi GVM, kulemera konse komwe galimotoyo siyenera kupyola itanyamula chilichonse. Mukachotsa choyambacho ku chachiwiri, zotsalazo ndiye katundu wololedwa.

Tiyerekeze pikapu ya mpando umodzi, yonga Toyota Hilux, Isuzu kapena Nissan Hardbody, yomwe GVM yake ndi makilogalamu 2,800 ndipo payokha imalemera 1,800. Zotsala ndi makilogalamu 1,000, tani imodzi, ndipo n'chifukwa chake anthu amaitcha wanitani. Thumba la chimanga likakhala la makilogalamu 50, aliyense amafulumira kunena kuti ndiye matumba 20. Apa ndi pomwe masamu a ambiri amapotokera, chifukwa tani imodziyo ikuphatikiza anthu. Dalaivala, mnyamata wopakira ndi mwini katundu, aliyense makilogalamu 70, atenga kale 210. Zitsulo zomwe adawotcherera kumbuyo kuti katundu azikwera m'mwamba zili ndi kulemera kwake, jeke, bokosi la masipanala ndi chigubu cha dizilo wapadera nazonso. Pofika pa chimanga, malo otsala ndi a matumba 14 kapena 15.

Pikapu ya mipando iwiri, yomwe imaoneka yapamwamba ndi yamphamvu, nthawi zambiri imanyamula zochepera pamenepo. Payokha ndi yolemerapo, ndiye zotsala zimachepa. Mukakhala anthu asanu m'katimo, makilogalamu 350 apita, ndipo kumbuyo kukhoza kungotsala malo a matumba 10 kapena 11. Anthu ambiri zimenezi amazikana akamva koyamba, chifukwa diso limaona galimoto yaikulu, ya matayala onenepa, n'kuganiza kuti ukulu wake ndi wa katundu.

M'misika ya kumadzulo kwa Lilongwe mwadzazanso timagalimoto tating'ono togulidwa ku Japan titagwirapo kale ntchito: Suzuki Carry, Daihatsu Hijet, Honda Acty. Timeneti timamwa mafuta pang'ono, timalowa m'tinjira momwe lole singalowe, ndipo tathandiza amalonda ang'onoang'ono ambiri. Koma kwawoko lamulo limati kagalimoto ka gulu limeneli kasanyamule katundu wopyola makilogalamu 350, ndipo kumbuyo kwa tambiri kudakali kachikwangwani ka zilembo za Chijapani komwe nambala yake aliyense atha kuiwerenga: 350kg. Amenewo ndi matumba asanu ndi awiri basi. Pa magalimoto a ku Japan nambala yakumbuyoyi imanena katundu yekha, dalaivala ndi mnzake wa kutsogolo adawawerengera padera. Mazda Bongo, Nissan Vanette ndi Toyota TownAce zotsegula kumbuyo zimakhala ndi chikwangwani chomwecho, nthawi zambiri cha pakati pa makilogalamu 750 ndi 1,000. Nissan 1400 ija, yomwe South Africa idaleka kupanga mu 2008 koma ikuyendabe kuno, ndi ya theka la tani kuposako pang'ono. Kagalimoto ka matumba asanu ndi awiri kakapezeka ndi matumba 20, kasenza pafupifupi katatu mlingo wake.

Chovuta china n'chakuti thumba si thumba. La feteleza ndi la simenti limatuluka kufakitale ndi makilogalamu 50 enieni, ndipo kuwerenga kwake n'kosavuta. Koma la chimanga logulidwa pamudzi, lotsenderedwa ndi mtengo, losokereredwa chidutswa pamwamba, limapitirira 50, ndipo chimanga chosauma bwino chimalemera kuposa chouma. Akuluakulu akukumbukira kuti kale thumba la chimanga linali la makilogalamu 90, ndipo matumba aakulu otero sadatheretu m'midzi. Wowerenga matumba osayang'ana ukulu wake akhoza kuganiza kuti wanyamula 750 pomwe wadutsa tani. Mavenda ambiri ali ndi sikelo yopachika yomwe amagulira mbewu. Sikelo yomweyo ingapime matumba awiri kapena atatu asanakwere, kuti masamu ayambire pa zoona.

Katundu amene amapusitsa kwambiri ndi wa zomangamanga. Bodi ya pikapu ya mpando umodzi imatalika mamita awiri ndi pang'ono, m'lifupi pafupifupi mita imodzi ndi theka, kuya kwake osafika theka la mita. Mchenga wouma wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse umalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Ndiye pikapu yodzazidwa mchenga mongolingana ndi m'mphepete mwa bodi, popanda n'kamulu komwe, imakhala itasenza matani awiri ndi kuposa, ndipo mchenga wofukulidwa kudambo uli wonyowa umalemera koposa apo. Woyang'ana amaona ngati galimoto sinadzaze, pomwe yawirikiza kale mlingo. Mchenga wololedwa pa wanitani sufika n'komwe theka la kuya kwa bodi. Njerwa yowotcha imalemera makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu, ndiye njerwa 300 zakwana kale ulendo umodzi. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Mgolo wa malita 200 ndi makilogalamu 200 osawerengera chitsulo chake, ndipo migolo inayi yatseka nkhani. Mgolo wosadzaza ndi woopsa mwa njira ina, chifukwa madzi amakhavukira uku ndi uku n'kumakankha galimoto pokhota ndi poima.

Fodya ndi mtedza wosasenda zimapusitsa mosiyana. Belo la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100, motero mabelo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ndiwo mlingo wa wanitani, koma chifukwa amasanjika bwino, opakira amangokwera nawo m'mwamba. Mtedza wa makoko ndi wopepuka koma umadya malo, nawonso umathera kumwamba. Katundu akatalika kupitirira denga la kutsogolo, kulemera kwa galimoto kumasamukira m'mwamba, ndipo imayamba kupendama pakhona iliyonse. Pamsewu wafumbi wokumbika ndi madzi, tayala limodzi likagwera m'ngalande, katundu wam'mwambayo amakokera galimoto yonse mbali imeneyo. Zolemera zimayenera kukhala pansi, zopepuka pamwamba, ndipo mulu wonse umangidwe ndi zingwe zolimba, osati malegeni okha omwe amatamuka.

Malo oikapo katundu ndi ofunika mofanana ndi kulemera kwake. Aliyense amene adayendetsapo ngolo kwa Kabudula amadziwa kuti matumba akachulukira kumbuyo kwa matayala, mtanda umanyamuka ndipo goli limakokera ng'ombe m'mwamba. Pikapu imachita zomwezo. Katundu akakhala kumbuyo kwa ekiselo, makamaka chitseko chakumbuyo chikatsegulidwa kuti matumba ena akhalepo, matayala akutsogolo amapepukidwa. Amenewo ndiwo amakhotetsa galimoto ndiponso amagwira ntchito yaikulu poima. Chiwongolero chimayamba kumveka chopepuka, dalaivala amakhota koma galimoto imafuna kupitirira, ndipo usiku nyali zimaloza m'mitengo n'kumathobwa m'maso obwera kutsogolo. Katundu wolemera kwambiri amayenera kugundana ndi khoma la kumbuyo kwa dalaivala, pakatikati, mbali zonse ziwiri zilingane. Pa mapikapu a mipando iwiri nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa gawo lalikulu la bodi yake lili pamwamba ndi kumbuyo kwa ekiselo; amakaniko amaidziwa tchesisi yopindika pakati pa bodi ndi mipando, yomwe imabwera galimoto yolemera kumbuyo ikamenya dzenje kapena hampu ili pa liwiro.

Tsono matayala. Apa m'pofunika kukhalitsa, chifukwa tayala ndilo limayamba kugonja, ndipo ndi pomwe eni magalimoto amapulumutsira ndalama.

Tayala lililonse lili ndi mlingo wake wolembedwa pambali. Pa tayala la pikapu lolembedwa 195R14C 106/104, chilembo C chikutanthauza kuti ndi la magalimoto onyamula katundu, ndipo 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 950 likapopedwa mokwanira. Awiri akumbuyo ndi 1,900. Tayala la galimoto yaing'ono yonyamula anthu, monga 185/70R14 la nambala 88, limasenza makilogalamu 560 okha. Awiri ndi 1,120. Onsewa amalowa pa limu ya mainchesi 14, ndipo pamsika wa matayala a kaunjika lotchipa ndi lachiwirilo. Koma ekiselo yakumbuyo ya wanitani imasenza kale makilogalamu mazana angapo galimoto ili yopanda kanthu, ndipo katundu wa m'bodi pafupifupi yense amatsamira pomwepo. Pikapu yovala matayala a galimoto yaing'ono imapyola mlingo wa matayalawo isanafike n'komwe pa mlingo wake weniweni.

Mpweya nawo uli ndi gawo lake. Mlingo wolembedwa pa tayala umagwira ntchito pokhapokha mpweya uli wokwanira, ndipo kapepala ka pachitseko kamapereka ziwerengero ziwiri, za galimoto yopanda katundu ndi za yonyamula. Tayala loperewera mpweya likasenza katundu limafwamphuka m'mbali, limapindika n'kuwongoka ulendo uliwonse likazungulira, ndipo kupindikako kumabala kutentha. Paphula la mwezi wa Okutobala kutenthako kumasonkhana mpaka mphira ulekana ndi mawaya a m'kati. Tayala lakumbuyo likaphulika galimoto yolemera ili pa makilomita 80 pa ola, ndi madalaivala ochepa amene angaigwire. Pambali pa tayala palinso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe lidapangidwa: 2316 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Tayala lokalamba limauma n'kuchita ming'alu ngakhale mapanga ake akuoneka akuya.

Eni mapikapu ambiri akaona galimoto ikukhalira kumbuyo amapita kugalaja kukawonjezera masipuling'i, chitsulo chimodzi kapena ziwiri mbali iliyonse. Galimoto imaimadi mowongoka, ndipo mwini wake amabwerera akukhulupirira kuti tsopano ndi ya matani awiri. Chasintha ndi maonekedwe okha. Mabuleki ndi omwe aja, maberingi ndi omwe aja, mabawuti ogwira tayala ndi omwe aja. Choipa kwambiri n'chakuti chizindikiro chomwe chikadachenjeza munthu chachotsedwa. Mapikapu ambiri akale ali ndi kavavu pafupi ndi ekiselo yakumbuyo komwe kamamva mmene bodi yatsikira, n'kuwonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo molingana ndi katundu. Masipuling'i akaumitsidwa, bodi sitsika monga kale, kavavuko kamaona ngati galimoto ilibe katundu, ndipo mabuleki akumbuyo amagwira mofooka pa nthawi yomwe akufunika kwambiri.

Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa mphamvu ya kuthamanga kukhala kutentha. Kulemera kukawonjezeka ndi theka, kutenthako kumawonjezekanso ndi theka. Liwiro ndiye limaposa: galimoto ya pa makilomita 80 pa ola ili ndi mphamvu yofunika kuizimitsa yowirikiza kanayi poyerekeza ndi ya pa 40. Pamtsetse wautali, dalaivala akamangopondereza buleki, zitsulo zimatentha mpaka kuleka kugwira, mafuta a mabuleki akhoza kuwira, ndipo phazi limangolowa pansi. Chizolowezi chotsika mtsetse giya ili pa fili pofuna kusunga mafuta n'choopsa pa galimoto ina iliyonse, koma pa yolemera n'kuika moyo pachiswe. Giya yotsika imathandiza injini kugwira galimoto, mabuleki n'kupumako. Ndipo amene adadutsapo pa Msundwe tsiku la msika amadziwa kuti pamafunika kuima mwadzidzidzi kangati: njinga za kabaza, ngolo, mbuzi, ana, amayi osenza madengu, onse m'mphepete mwa phula lomwelo.

Katundu wovuta kumukamba ndi anthu. Kumadera kumene minibasi sizifika, pikapu ya matola ndiyo basi, ndiyo ambulansi, ndiyo imanyamula kwaya, timu ya mpira ndi operekeza ukwati. Maliro akachitika, munthu yemwe ali ndi galimoto pamudzi sangayang'ane anamfedwa m'maso n'kunena kuti ena atsike. Zimenezi n'zomveka, ndipo wonyoza anthu oterewa sadakhalepo kumudzi kopanda galimoto ina. Komabe masamu ake ndi omwe aja. Akuluakulu 20 a makilogalamu 65 aliyense ndi makilogalamu 1,300, kupyola kale mlingo wa wanitani. Ndipo anthu si matumba: amaimirira, amakhala m'mphepete mwa bodi miyendo ili kunja, amapendamira mbali imodzi galimoto ikakhota. Kumbuyoko kulibe lamba, kulibe mpando, kulibe denga. Thumba likagwa limatoledwa, koma munthu akaponyedwa pa phula amathera ku St Gabriel's ku Namitete kapena ku Kamuzu Central, ngati wafikako ali moyo. Lipoti la World Health Organization la 2018 lidayerekeza kuti m'Malawi anthu pafupifupi 31 mwa 100,000 alionse amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, pomwe dziko lonse lapansi chiwerengerocho chinali pafupifupi 18. Pomwe palibiretu njira ina, zochepa zomwe dalaivala angachite n'zoti anthu achepe, onse akhale pansi m'kati mwa bodi, pasakhale wokhala pamwamba pa katundu, ndipo liwiro litsike kwambiri. Mfumu kapena mkulu wa mpingo akanena pamaliro kuti galimoto ipange maulendo awiri, dalaivala amamasuka, chifukwa payekha mawu amenewo sangawatulutse.

Lamulo lilipo. Apolisi a pamsewu amalipiritsa wonyamula mopyola muyeso ndiponso wonyamula anthu pa galimoto ya katundu popanda chilolezo, ndipo kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ngozi ikapezeka kuti idachitika galimoto italemedwa. Laisensi ya gulu B, yomwe madalaivala ambiri a mapikapu ali nayo, ndi ya magalimoto osapyola makilogalamu 3,500. Pikapu ya makilogalamu 1,800 ikasenza matumba 40 imafika pa 3,800 anthu asanakwere, kulemera kwa gulu la malole, pomwe mabuleki ake adakali a pikapu. Koma masikelo a pamsewu, monga a kuchipata cha Mchinji, amalimbana kwambiri ndi malole akuluakulu, ndipo pakati pa mudzi wa ku Nsaru ndi msika palibe sikelo yopimira galimoto. Kumeneko wopima ndi dalaivala yekha.

Ali nazo zomuthandiza. Pakati pa tchesisi ndi ekiselo yakumbuyo pali kamphira kotchinga zitsulo kuti zisagundane. Galimoto ikaima pamalo osalala, payenera kuoneka mpata pakati pa kamphirako ndi ekiselo. Kakakhudza, katundu wachuluka, ndipo dzenje lililonse lidzamenya tchesisi mwachindunji. Masipuling'i akawongokeratu kapena kupindikira pansi, uthenga ndi womwewo. Atayenda makilomita khumi, ndi bwino kuima n'kuika dzanja pa tayala ndi pafupi ndi habu: kufunda n'kwachibadwa, koma kutentha kosagwirika ndi chenjezo. Mlingo wa wopanga galimoto udayesedwanso pa galimoto yatsopano; pikapu yomwe yatha zaka 20 m'misewu yafumbi, ya tchesisi yowotcherera, siyenera kufikitsidwa pamapeto penipeni. Nyengo ya dzinja, pomwe alimi amasonkherana kubwereka galimoto yokatenga feteleza, matope a m'madambo amafunanso kuti matumba achepe, chifukwa yolemera imatitimira msanga ndipo kilatchi imapsa poivutikira kuti ituluke.

Gwero la vutoli lili pa kalipiridwe. Mtengo ukakhala wa pa thumba, dalaivala amapindula ndi thumba lililonse lowonjezera. Ukakhala wa pa ulendo, mwini katundu ndiye amakakamiza kuti zonse zikwere kamodzi. Mafuta ndi odula ndipo nthawi zina amasowa, motero onse awiri ali ndi chifukwa chomveka. Chomwe sichiwerengedwa pokambirana mtengo ndi tayala lophulika, sipuling'i yothyoka, beringi yopsa ndi masiku omwe galimoto imagona pagalaja pakati pa nyengo ya malonda, pomwe anzake akupanga ndalama. Zonsezi amalipira ndi mwini galimoto, ndipo soya wogona panjira usiku wonse amadandaula ndi mwini katundu. Mlimi wa ku Nambuma yemwe ali ndi matumba 40 ali ndi makilogalamu 2,000: pa wanitani amenewo ndi maulendo atatu, pa Hijet ndi asanu ndi limodzi, ndipo pa lole yaing'ono ya matani awiri, monga Mitsubishi Canter, Isuzu Elf kapena Toyota Dyna, ndi ulendo umodzi. Alimi atatu oyandikana akaphatikiza mbewu zawo n'kubwereka lole ya matani asanu ndi awiri, matumba 120 amapita tsiku limodzi, ndipo mtengo wa mafuta amagawana.